Chala cha Apongozi pa Batani Lofiira

Anthu ankandifunsa funso limodzimodzi, ena mwaulemu, ena monyogodola: Chijapani chikuthandizani chiyani kuno ku Kaluluma, kumene ngakhale Chingerezi chimathera pa zikwangwani za magolosale? Yankho ndinali nalo lokonzeratu. Ndinkati ku boma ku Kasungu kuli bambo wina woitanitsa magalimoto ku Japan, ndipo akufuna munthu wodziwa kuwerenga mapepala amene amabwera ndi magalimotowo. Bamboyo analikodi, sindinkanama. Koma ndinkamutchula kuti anthu andileke. Zoona zake n'zakuti ngakhale akanapanda kukhalako, ine ndikanaphunzirabe. Pamudzi pamene ndinakwatiwa munda unali wa apongozi, chigafa chopachikamo fodya chinali cha apongozi, ng'ombe ndi ngolo za apongozi, nyumba imene tinkagonamo nayonso inamangidwa ndi njerwa zawo. Changachanga chinali zilembo za Chijapanizo basi.

Ndinazitola kusekondale yoyendera. Tinali ndi mphunzitsi wa masamu wochokera ku Japan, mayi wamfupi woyenda mothamanga nthawi zonse, amene tikaweruka ankatsala ndi ochepa a ife n'kumatiphunzitsa chilankhulo cha kwawo. Anzanga anasiya atangodziwa kupereka moni. Ine zinandilowa m'magazi. Chilembo chimodzi chimatha kukhala mawu athunthu, china chokhala ngati mtengo, china ngati zenera, china chothithikana moti ukachiyang'ana koyamba umangoti pagwa chitsotso. Mphunzitsiyo anabwerera kwawo, ine ndinalemba mayeso, ndinakwatiwa, ndinabereka mwana wamkazi. Zilembo zija zinangokhala mumtima mpaka mkulu wanga wa ku Joni atanditumizira foni ya tachi. Chinthu choyamba chimene ndinaikamo ndi pulogalamu ya makadi ophunzirira.

Kagwiridwe kake n'kosavuta. Imakuonetsa khadi la chilembo chimodzi, iwe n'kunena chamumtima kuti chimawerengedwa bwanji ndipo chikutanthauza chiyani. Ukadina m'munsi yankho limatuluka, n'kubwera mabatani oti udziweruze wekha. Lobiriwira ndiye kuti wakhoza, lofiira ndiye kuti waiwala. Ukadina lobiriwira khadilo limapita kukapuma. Limabweranso mawa, ukakhozanso limabwera sabata yamawa, kenako pakatha mwezi, mpaka lina limatha chaka osaoneka. Ukadina lofiira zonse zija zafafanizika, khadi labwerera ku sitandade wani, ndipo posakhalitsa lili pamaso pako kachiwiri. Palibe wokuyang'anira. Ukafuna kudzinamiza dzinamize, wodzalira ndiwe wemwe.

Nthawi yothyola ndi kusoka fodya zala zimachita utomoni wakuda womata, galasi la foni silimva bwino, ndiye nthawi zina chala chinkatsetserekera pa lofiira ine ndikufuna lobiriwira. Pa zoterozo pali kamuvi kobweza. Ukakadina nthawi yomweyo, yankho lolakwika lija limafufutika. Koma kamangobweza zimene zangochitika kumene, foni ikazima kalibenso mphamvu. Ndinadziikira lamulo langa: kamuvi n'ka pamene chala chalakwa, osati pamene mutu waiwala. Ndipo zonsezi, ntchito ya zaka, zinkakhala m'foni momwemo. Njira yozisungira pa intaneti inalipo, koma netiweki ya kwathu inkapezeka pachulu cha kuseri kwa khola, ndiye ndinkangoti ndidzachita mawa.

Apongozi anga aamuna sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Anali ansangala, oseka mpaka kutsokomola. Chimanga chachiwisi choyamba kukhwima m'munda ankathyola okha n'kutumiza kwa ine, ati mtengwa alawe. Anachita zimenezo kuyambira chaka chimene ndinalowa pamudzipo, ndipo azilamu anga ankachita nazo nsanje yoonekera. Komabe sitinkalankhulana maso ndi maso. Mwambo wa pamudzipo unali wakuti mtengwa akakhala ndi mawu kwa apongozi aamuna, amagwada chapatali, nkhope kumbali, n'kuuza apongozi aakazi kuti iwo ndiwo apititse mawuwo, ngakhale mwiniwake akumva yekha ndi makutu ake. Analinso ndi khalidwe lina lodziwika dera lonse: ntchito akaiyamba sankaisiya pakati. Mzere akauyamba kupalira, kaya kugwe matalala, aumaliza.

Chaka chimenecho feteleza wa makuponi anachedwa. Fodya tinali titawokera, chimanga chitamera, koma kudepoti ku Nkhamenya kunali zii. Anthu ankagona komweko pamzere poopa kuti lole ikadzafika adzapeza mavenda atadzaza kutsogolo. Kafoni ka apongozi ka mabatani kanali katagwera m'chitsime cha kunazale. Ndiye amuna anga analowa m'nyumba akukanda kumutu.

"Adada akuti abwereke foni yanu," anatero. "Feteleza akafika aimbe, tipititse ngolo."

Mtengwa samana apongozi chinthu. Ndinachotsa loko, ndinaipukuta fumbi, ndinaipereka ndi manja awiri kwa amuna anga. Ndili pakhomo ndinawamva akuwaphunzitsa mwachidule.

"Adada, n'chimodzimodzi ndi yanu ija. Chobiriwira n'choyankhira, chofiira n'chodulira."

Mawuwo ndinawamva bwinobwino ndipo sindinaganizepo kanthu. Apongozi anakwera njinga n'kumapita, magalasi awo owerengera atawasiya pamwamba pa Baibulo.

Zimene zinachitika kudepotiko ndinazimva pambuyo pake, zina kwa iwo eni, zina kwa mayi wina woyandikana nafe amene anali pamzere womwewo. M'mawa uliwonse pulogalamu ija imalira kukukumbutsa kuti makadi akudikira. Italira, apongozi anayesa kuti wina akuimba, n'kudina. Panatuluka chilembo. Anachigogoda kuti chichoke, m'malo mwake panabwera mabatani amitundumitundu. Popanda magalasi mawu sankawaona, ankangoona mitundu, ndipo anakumbukira zimene mwana wawo anawauza. Anadina chofiira kuti adule. Panabwera chilembo china. Anadula. China. Anadula. Posakhalitsa choyamba chija chinatulukiranso.

Munthu wina akanaiponya m'thumba n'kuiwala. Osati apongozi anga. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, foni m'manja, kudula, kudula, kudula, akudikira kuti afike kumapeto kwa mzere, osadziwa kuti mzere umenewo akuutalikitsa okha. Anthu a pamzere analibe chochita, ndiye anawazungulira. Wina anati awa ndi makalata achinsinsi, mtengwa wanu ali ndi chibwenzi cha Mtchaina womanga msewu. Wina anati ayi, izi n'za satana, simukuona kuti mukazidula zikubwerera? Chala cha apongozi chikatopa ena ankawalandira. Moto ukatha ankakatchajitsa kwa ometa tsitsi, m'mawa mwake ntchito n'kuyambiranso. Anakhalako masiku angapo ndithu lole isanafike.

Ngolo inabwera ndi matumba, tinalulutira, koma foni sinabwere m'manja mwanga. M'mawa mwake dzuwa litakwera anandiitanitsa kuchigafa. Chinali chopanda fodya nthawi imeneyo, matenanti athu awiri ali padenga kukonza udzu. Apongozi aamuna anakhala pampando wawo, apongozi aakazi pamphasa, amuna anga pachitsa, mutu uli pansi. Ine ndinagwada chapatali, nkhope kumbali, mwana kumsana.

"Amayi," anatero apongozi aamuna kwa akazi awo, "tawafunsani atengwa athuwa. Ndani amawalembera zinthu zimenezi?"

Apongozi aakazi anabwereza funsolo ngati sindinalimve.

"Amayi, muwauze abambo kuti palibe amene amandilembera," ndinayankha. "Ndi sukulu. Ndimaphunzira zilembo za Chijapani, amuna anga akudziwa."

"Sukulu yanji yoti ukaidula ikubwereranso?" Mawu a apongozi aamunawo sanali aukali, anali a munthu wopwetekedwa. "Ine ndachita manyazi pamaso pa anthu. Nkhamenya yonse yandiseka. Yayi, zimenezi pakhomo panga pano ayi."

Ndinapempha kuti ndiione. Inadutsa m'manja mwa apongozi aakazi n'kufika kwa ine. Ndinatsegula pulogalamu ija. Makadi odikira anali mulu, ofiira psuu. Zilembo zimene ndinaziphunzira ndili ndi pakati, zimene ndinkabwereza ndikuyamwitsa, ndikudikira pachigayo, ndikutsirira nazale, zinali zitabwezedwa pachiyambi ngati sindinazionepo. Zina zinali zitatayidwa pambali, chifukwa khadi likalakwidwa kambirimbiri pulogalamuyo imalitcha msundu, ati likungokuyamwa nthawi, n'kusiya kukuonetsa. Ndinadina kamuvi kobweza. Palibe chinachitika. Ndinadinanso, ndikudziwa kuti n'kungotaya nthawi.

"Mawa mwana wangayu apite nayo kwa okonza mafoni akaifulashe," anapitiriza apongozi. "Zonse zichoke, ibwere yoyera. Foniyo sitikuwalanda, azigwiritsa ntchito ngati anthu ena onse."

Kufulasha ndiye kuti kupukuta zonse, osasiya kanthu. Zimene anawononga kudepoti zinali zotheka kukonza, ngakhale movutikira. Izi ayi. Ndinayang'ana amuna anga kuti mwina anenapo kanthu. Ankatokosa dothi ndi kamtengo.

Ndinatembenuza nkhope. Kwa nthawi yoyamba chilowereni pamudzipo ndinawayang'ana apongozi anga m'maso, ndipo sindinadutsire mwa munthu wina aliyense.

"Bambo, foniyi ndi yanga, ndipo sipita kulikonse. Mulibe satana muno, mulibe chibwenzi. Zimene munaonazo ndi mafunso anga, inu mwakhala mukundiyankhira, mayankho olakwika okhaokha. Foni sinalakwe ayi. Chalakwa ndi chala chanu."

Padenga paja udzu unasiya kulira. Apongozi aakazi anagwira pakamwa. Ine ndinaimirira osauzidwa, ndinakonza mwana kumsana, ndinaika foni m'chitenje n'kumapita. Sindinacheuke.

Ankhoswe anakumana mwamsanga. Chigamulo chinali chakuti ndipite kwathu ku Lisasadzi akandilangize, ndipo ndidzabwerere ndi zinthu ziwiri: nkhuku yopepesera ndi foni yofulasha. Amuna anga anandiperekeza pokwerera basi. Njira yonse ankangoti, "Inunso mukanangokhala chete, ine ndikanakonza." Ndinawafunsa kuti akanakonza liti, foni itafulashidwa kale? Anangonditengera chikwama mpaka pamsewu.

Amayi anga anandilandira ndi mawu asanandilandire ndi madzi.

"Iwe, pakamwa pakopa padzakugonetsa panja. Apongozi amauzidwa kuti alakwa? Ndinakulera ine choncho?"

Amalume, amene anali nkhoswe yanga, anabwera Lamlungu atavala jekete la kutchalitchi. Iwo sanakalipe. Anandikhazika pansi n'kundiuza mofatsa kuti banja ndi lalikulu kuposa foni, kuti mawu amabwezedwa, kuti nkhuku apereka okha ine ndingoinyamula.

"Amalume," ndinatero, "mawu obweza ndi amene atuluka molakwika. Anga aja sanatsetsereke. Ndinanena zimene ndinkafuna kunena."

"Ndiye ukhala pano mpaka liti?"

"Mpaka ndimalize kukonza."

Ankayesa ndikunena za mtima wanga. Ine ndinkanena za makadi.

Inali ntchito yotopetsa kuposa kupalira. M'mawa ndinkathandiza amayi kumunda, masana mwana akagona ndinkakhala pansi pa mtengo wa mpoza kuseri kwa nyumba. Kamuvi kanali katafa, ndiye khadi lililonse ndinkayenera kulitsegula palokha n'kuliuza pamanja tsiku loti lidzabwerenso. Njira yachidule inalipo, kuwasankha onse pamodzi n'kuwakankhira kutsogolo miyezi ingapo, mulu wofiira uja n'kuzimiririka. Ndinaiganizira, ndisaname. Koma kuteroko kukanakhala kuchotsa bodza la apongozi n'kuikapo langa. Ndiye ndinkachita monga timachitira posankha fodya, tsamba lililonse m'manja, kuliona, kuliika pamulu wake. Ndinkayang'ana tanthauzo, kutembenuza foni, n'kulemba chilembocho padothi ndi kamtengo. Chikatuluka chonse osakayika, ndinkachitumiza kutali kumene chinali. Chikatuluka chotsimphina, ndinkachiika pafupi. Zina ndinapeza kuti masiku amenewa ndaziiwaladi, ndipo zimenezo ndinazisiya pomwe apongozi anaziika. Misundu yonse ndinaitulutsa kumene inatayidwa, umodziumodzi.

Tsiku lina ndinapeza chilembo cha mvula pakati pa misunduyo. Ndi chokhala ngati zenera lokhala ndi timadontho mkati. Chinali choyamba chimene mphunzitsi uja anatilembera pabolodi, tsiku limene mvula inatitsekera m'kalasi, ndipo chinali chitapita kutali kwambiri moti ndinali nditaiwala kuti chili ndi khadi. Anthu a pamzere wa feteleza anachimenya mpaka pulogalamu inagamula kuti mutu wanga sungachigwire. Ine, mvula! Ndinalira, misozi ya mkwiyo, kenako ndinaseka ndekha ngati wamisala mpaka amayi anasuzumira. Ndinachilemba padothi chachikulu, ndi phazi, n'kuchitumiza chaka chathunthu kutsogolo.

Ana a pamudzi ankabwera kudzaona dothi lodzaza zilembo, akulu ankadutsa chapatali. Mphekesera za satana zinali zitafika kale ku Lisasadzi ine ndisanatsike basi. Sindinafufute kanthu. Mvula ndiyo inkafufuta, m'mawa mwake ine n'kulembanso.

Fodya atayamba kuthyoledwa, amuna anga anatulukira pa njinga yamoto yobwereka, atameta, akumwetulira.

"Zatha, mayi a mwana. Tiyeni kunyumba."

"Zatha bwanji?"

"Akuluakulu akambirana. Adada akuti mubwere."

Ndikanafunsitsa. Koma ndinali nditawasowa, ndinene zoona, ndipo mwana atawaona anakuwa n'kuwathamangira. Makadi anali atatsala ochepa. Ndinaganiza kuti mwina apongozi anakhala pansi n'kuona okha kuti nkhaniyi inakula popanda chifukwa. Ndinamanga katundu mosangalala.

Apongozi aakazi anandichingamira panjira, anandilandira mwana, anandigwira dzanja osalisiya.

"Mwachita bwino, mwana wanga. Tambala uja anali wonona, abambo anu anakondwa kwambiri. Ndipo mwachita bwino kuzichotsa zinthu zija. Onani tsopano mtendere."

Ndinangoti zikomo. Titalowa m'nyumba ndinatseka chitseko.

"Tambala wanji?"

Amuna anga anakhala pabedi n'kuyamba kumasula nsapato mosafulumira.

"Ndinagula ine, ndinawapatsa amalume anu kuti abweretse. Ndinati mwatumiza ndinu, mwapepesa, foni mwafulasha. Vuto lili pati? Foni muli nayo, zilembo zanu zili momwemo, palibe wakhudza. Muzingochitira m'nyumba muno chitseko chili chotseka. Adziwa ndani?"

Ankaoneka onyadira, ngati munthu amene wawolotsa ng'ombe pamtsinje wodzaza. Ndipo mwanjira yawo anachita zimenezo chifukwa chondikonda, ndikudziwa. Koma ine ndinangoona chinthu chimodzi. Ndinali nditatha nyengo yonse ndikukonza mayankho amene munthu wina anandiyankhira, ndipo pobwera ndapeza winanso wandiyankhira.

Ndinayesa, kuti asadzati sindinayese. Masana pobwera kosoka fodya ndinkasamba m'manja, kulowa kuchipinda, kutseka chitseko, n'kutsegula makadi khutu lili panja. Wina akadutsa ndinkabisa foni pansi pa pilo ngati ndaba. Zilembo zimene ndinazimenyera nkhondo pamaso pa mudzi wonse tsopano ndinkaziona ngati chinthu chonyansa. Kuchigafa azilamu ankandiyamikira kuti ndabwera wofatsa. Apongozi aamuna akandiona patali ankakweza dzanja mwansangala. Ine chakudya chinasiya kukoma.

Kenako chimanga chinakhwima. Tsiku lina masana apongozi aakazi anafika pakhomo ndi chimanga chathunthu chachiwisi, chachikulu, makoko ake obiriwira, ndevu zikadali zonyowa.

"Abambo anu athyola okha," anatero. "Akuti mtengwa wawo womvera alawe."

Ndinachilandira ndi manja awiri. Ndinakhala nacho pamiyendo nthawi yaitali. Ndinkachifuna, osati chifukwa cha njala. Koma chimanga chimenecho chinatumizidwa kwa mkazi wina, wopepesa, wa foni yoyera, amene amuna anga anamupanga ndi tambala. Ndikanachiotcha n'kudya, ndiye kuti ndavomera kukhala mkazi ameneyo mpaka kalekale.

Ndinavala chitenje chabwino, ndinamanga duku, ndinatenga chimangacho ndi foni. Apongozi anali pakhonde pawo, aamuna akusoka thumba, aakazi akusankha nyemba. Ulendo uno sindinaphwanye mwambo ngakhale pang'ono. Ndinagwada chapatali, nkhope kumbali, ndinaomba m'manja, mawu anga otsika.

"Amayi, ndili ndi mawu kwa abambo."

"Nenani, mwana wanga."

"Muwauze abambo kuti tambala uja sindinatumize ndine, ndipo sindinkadziwa. Muwauze kuti sindinapepese. Foni sinafulashidwe, zilembo zonse zili momwemu, zimene zinawonongeka kudepoti ndazikonza. Ulemu wanga kwa iwo ulipo wonse monga kale. Koma mawu aja sindibweza, ndipo kuphunzira sindisiya, komanso sindizibisalanso kuchipinda."

Nyemba zinasiya kugwera m'lichero.

"Zimenezo ine sindinganene," ananong'ona apongozi aakazi. "Nenani zina."

"Zina ndilibe, amayi."

"Musavutike, amayi," anatero apongozi aamuna. "Ndamva ndekha."

Anaika thumba lija pansi. Ndinkayembekeza kuti andiuza ndikamange katundu, ndipo mumtima ndinali nditayamba kale kuganiza zoti ndinyamule. Atalankhula, analankhula kwa ine, osadutsira mwa akazi awo. Sanachitepo zimenezo chiyambire, ndipo sanadzachitenso.

"Tambala tinadya kale, sitingamubweze. Chimanga chija mwaotcha?"

"Ayi, bambo. Ndi ichi."

Ndinachiika pamphasa. Apongozi aakazi anachitenga n'kuwapatsa. Anachitembenuza m'manja, anakonza makoko amene anali atatseguka pang'ono, n'kuchiika pambali pa mpando wawo. Kenako anatola thumba lija n'kupitiriza kusoka pomwe analekezera.

Sanandithamangitse. Za kufulasha sanazitchulenso, ndipo palibe wina pamudzipo amene anayerekeza kuzitchula. Amuna anga anakhala masiku osandilankhula bwino chifukwa ndinawayalutsa bodza lawo, kenako zinapita. Koma chimanga choyamba sichinabwerenso pakhomo panga. Chaka chotsatira chinapita kwa mlamu wanga, ndipo zinakhala choncho chaka ndi chaka mpaka apongozi anamwalira. Zinkandiwawa nthawi iliyonse, zimandiwawabe, chifukwa munthu uja ndinkamukonda. Amene amandifunsa ngati ndikanachita mosiyana ndimawauza kuti ayi.

Tsiku lomwelo nditachoka pakhonde pawo sindinalowe m'nyumba. Ndinatulutsa mpando n'kukhala pabwalo, poonekera aliyense wochokera kuchigafa, apongozi akundiona kuchokera pomwe anali. Ndinatsegula makadi. Loyamba ndinakhoza, lachiwiri ndinakhoza. Lachitatu linali chilembo chothithikana chimene ndinachiyang'ana mpaka maso kuwawa, koma m'mutu munali mbee. Ndinadina kuti ndione yankho, ndinaliwerenga, ndinagwedeza mutu.

Ndinadina lofiira, ndi chala changa.